KODI NAMBALA YA 17,563,749 IKUBISA CHIYANI?

Asodzi a ku Senga Bay saŵerenga usipa mmodzimmodzi. Amayesa ndi chidebe. Koma boma likamaŵerenga anthu siligwiritsa chidebe. Pa kalembera wa 2018 m'Malaŵi munapezeka anthu 17,563,749, kupitirira kanayi anthu 4,039,583 a pa kalembera wa 1966.

Nditalemba nambala imeneyi pa bolodi, ophunzira anga ochokera m'midzi ya kufupi ndi Kuti anangoti kukamwa yasa. Mantha otere ndiwo amagwetsa ana ambiri pa mayeso a masamu. Chikhalirecho nambala yaikulu ili ngati mlendo: ukaifunsa bwino, imakuuza mtundu wake.

Funso loyamba: kodi imagaŵika ndi 2? Tayang'anani kumapeto kwake. Kuli 9, choncho siigaŵika. Tikadati Amalaŵi onse aime aŵiriaŵiri, mmodzi akadasoŵa mnzake. Siigaŵikanso ndi 5, pakuti siithera ndi 0 kapena 5.

Funso lachiŵiri: nanga 3? Phatikizani timanambala take tonse: 1, 7, 5, 6, 3, 7, 4 ndi 9. Mupeza 42. Popeza 42 amagaŵika ndi 3 koma osati ndi 9, nambala yathu nayonso ili chomwecho. Chifukwa chake n'chakuti 10, 100, 1,000 ndi anzawo onse amatsala 1 mukawagaŵa ndi 3 kapena 9. Motero chotsala cha nambala yonse chimafanana ndi chotsala cha timanambala take tophatikizidwa.

Apa taphunzira zinthu ziŵiri. Choyamba, nambalayi si ya mtundu wa prime, ndiye kuti yogaŵika ndi 1 ndi iyo yokha basi, monga 7 kapena 13. Chachiŵiri, si sikweya, pakuti sikweya iliyonse yogaŵika ndi 3 imagaŵikanso ndi 9. Ndithudi, 4,190 kuchulukitsa ndi 4,190 ndi 17,556,100, pamene 4,191 kuchulukitsa ndi 4,191 ndi 17,564,481. Yathu yagwera pakati, ndipo yapereŵera ndi 732 kuti ifike pa yachiŵiriyo.

Tsopano tiigaŵe. Ndi 3 tipeza 5,854,583. Imeneyi tikaigaŵa ndi 7 tipeza 836,369 popanda chotsala. Choncho chimphona chija ndi 3 kuchulukitsa ndi 7 kuchulukitsa ndi 836,369. Amalaŵi a 2018 akadakhoza kuima m'magulu a anthu 21 popanda wotsalira.

Nanga 836,369 ndi prime kodi? Imeneyo ndi ntchito yanu, aŵerengi. Musavutike kuyesa manambala onse. Yesani a prime okha osapitirira 914, chifukwa 915 kuchulukitsa ndi 915 wadutsa kale 836,369. Ngati ili ndi choigaŵa, chimodzi chiyenera kukhala pansi pa malire ameneŵa. Kufika pa 47 ndayesa kale, palibe amene waloŵa. Aphunzitsi anzanga, gaŵirani ana a m'kalasi mwanu otsalawo, aliyense atatu kapena anayi. Mutu umodzi susenza denga.