Ngozi Ikacitika pa Great East, Dokotala Woyamba Ndimwe

Mwakwela basi pa Intercity m'mamawa, ulendo wa ku Chipata. Mwana ali pa miyendo, nyimbo zilila. Mwapitilila Chongwe, mwapitilila Rufunsa, manje mwafika pa mapili a Manenekera pamene mseu umakhotakhota. Kutsogolo kwanu motoka yagubuduka. Anthu alila, wina magazi atuluka pa mwendo monga pompi. Cipatala cili patali, netiweki ibwela n'kupita. Basi yanu yaima. Imwe mudzacita ciani?

Tikambe zoona. Ambili a ise timatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Vidiyo ifika pa Facebook munthu akali kutaya magazi. Sikuti ndise oipa mtima, iyayi. Kaili sitidziwa cocita, ndiye manja amathawila ku foni. Koma thandizo loyamba si nchito ya madokotala okha. Ni zinthu zing'ono zimene mungacite na manja anu, na citenge cimene mwavala, mpaka odziwa afike.

Yambani na moyo wanu

Musathamangile pa mseu cabe. Ikani ma triangle kapena nthambi patali mbali zonse ziwili, kuti thilaki ina isabwele kudzagunda onse. Zimani injini ya motoka yagwa, ndipo pasapezeke wokoka fodya. Osakuwa cabe ati "wina atume foni!" cifukwa aliyense adzaganiza kuti mnzake watuma. Lozani munthu mmodzi: "Imwe ba mdala a shati yofiila, tumani ku 991, muwauze pamene tili."

Magazi sayembekeza

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu amene wadulika mtsempha waukulu angafe m'mamineti ocepa cabe, ambulansi isananyamuke n'komwe. Tengani citenge, thaulo kapena T-shirt, pindani, ikani pa cilonda, kanikizani na mphamvu zanu zonse. Ngati mulibe magolovesi, valani pulasitiki m'manja. Osacotsa nsalu ati "nione ngati aleka." Mukacotsa, magazi amene anayamba kuundana ayambanso kutuluka. Nsalu ikanyowa, ikani ina pamwamba, pitilizani kukanikiza. Galasi kapena citsulo cikalowa m'thupi, osacizula. Ndiye catsekako magazi. Imwe kanikizani m'mbali mwake.

Ngati ni dzanja kapena mwendo ndipo magazi akana kuleka, mangani nsalu yotambalala pamwamba pa cilonda, mbali ya ku thupi, lowetsani kamtengo n'kupotokola mpaka magazi aleke. Lembani nthawi imene mwamanga, osamasulanso, mukauze a nesi. Waya kapena nthambo yopyapyala, ayi.

Osamukoka, osamumwetsa

Wovulala pa ngozi ya motoka angakhale wathyoka khosi kapena msana. Mukamunyamula monga thumba la mgaiwa, mungamupundule moyo wake wonse. Musiyeni pamene ali, gwilani mutu kuti usagwedezeke, kambani naye. Mumusunthe kokha ngati pali moto, manzi kapena mamotoka amene angamugunde.

Wakomoka koma apuma? Mugonekeni cam'mbali mosamala, mutu na thupi zitembenukile pamodzi, kuti masanzi asamutsamwe. Cija cizolowezi cathu cothila manzi kapena mkaka m'kamwa mwa wokomoka, cilekeni. Amapita ku mapapo. Ngati sapuma, mugonekeni cagada, ikani manja pakati pa cifuwa, kanikizani mwamphamvu komanso mwamsanga, maulendo 100 mpaka 120 pa mineti. Mukalema, sinthanani na mnzanu.

Mwafika kumudzi, njoka yaluma

Nthawi ya mvula njoka zimayenda, ndipo kiliniki ingakhale makilomita ambili. Osatema mphini pa cilonda, osayamwa, osamanga mwendo zolimba monga mwa magazi muja. Izi sizicotsa ululu, zimangoononga mwendo. Vulani mphete, bangili na nsapato thupi lisanatupe. Wolumidwa asayende, asathamange. Munyamuleni, mwendo ukhale phee, kupita ku cipatala. Musataye nthawi kufunafuna njoka kuti muiphe. Ngati ni ija yolavula m'maso, tsukani maso na manzi ambili pamene apo.

Kupsa nakonso n'cimodzimodzi, kaya ni mbaula ya malasha kapena phala lagwela mwana. Thilani manzi ozizila kwa mamineti 20. Colgate, dzila, saladi, zonse izi siyani. Matuza osaboola. Phimbani na nsalu yoyela, pitani ku kiliniki.

Manzi akadzala mu komboni

Mwina mukamba kuti, "Ine siniyenda maulendo." Nanga mvula? A ku Kanyama na ku Misisi adziwa mmene manzi amalowela m'nyumba, zimbudzi n'kusefukila, miseu n'kutsekeka. Mukumbuka January 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala ca kolela. Kolela imapha mwa kuumitsa thupi, ndipo ingaphe munthu tsiku limodzi lomwe. Munthu akayamba kutsegula m'mimba monga manzi otsukila mpunga, yambani kumupatsa madzi a moyo nthawi yomweyo. Ngati mulibe paketi, pangani: lita imodzi ya manzi owilitsa kapena othila Clorin, masupuni ang'ono 6 a shuga, na hafu ya supuni yaing'ono ya mcele. Amwe pang'onopang'ono muli pa njila yopita ku cipatala. Akasanza, yembekezani mamineti 10, yambaninso.

Kuwelenga si kucita

Nyuzi ino siingakuphunzitseni mphamvu imene manja afunika pa cifuwa ca munthu. Cifunika kuyeselela pa cidole, mphunzitsi ali pambali. A Zambia Red Cross Society na a St John amaphunzitsa thandizo loyamba. Funsani ku ofesi yawo ili pafupi na imwe. Muli mu cilimba, mu kwaya, pa siteshoni ya mabasi? Sonkhani, pitani pamodzi. Ba dalaiva na ba kondakita, imwe makamaka, cifukwa pa mseu ndimwe mumafika poyamba.

Musanakwele basi, longani kacola kakang'ono: magolovesi, mabandeji awili, pulasitala, sizala, toci, mapaketi a madzi a moyo na citenge coyela. Kasapite pansi pa basi pamodzi na masaka. Kakhale pa miyendo panu, pamene dzanja lingafike. Tsiku limene mudzakatsegula, wogona pa tala angakhale mlendo, angakhalenso mwana amene mwanyamula.