Tatanganidwa Tsiku Lonse, Nanga Ntchito Siikutha Bwanji?

Nthawi ili 7 koloko madzulo. Takhala pansi mulaibulale, buku tatsegula, ndipo asayimenti ikufunika mawa m'mawa. Tisanamalize ndime yoyamba, foni yanjenjemera m'thumba: mtsogoleri wa kalasi akuti phunziro la mawa lasintha chipinda. Titangoibweza, a pagulu la kwaya akufunsa amene sabwera kokonzekera nyimbo. Kenako amalume akufuna kudziwa ngati ndalama anatumiza pafoni ija yafika. Pofika 10 koloko tikutseka buku, mutu ukulemera, maso akuwawa, koma papepala pali mizere isanu yokha. Sitinagone, sitinapite kocheza, sitinachite ulesi. Nanga maola atatu aja apita kuti?

Funso limeneli si la ophunzira okha. Aphunzitsi, anamwino, alembi a m'maofesi, ochita malonda ndi akuluampingo nawonso akudandaula chimodzimodzi, chifukwa ntchito zambiri masiku ano zimadzera pafoni ndi pakompyuta. Ambirife timaganiza kuti mankhwala ake ndi kuwonjezera maola: kugona mochedwa, kulawirira m'bandakucha, kudumpha chakudya. Koma nthawi zambiri chimene chikutitopetsa si kuchuluka kwa ntchito kokha ayi. Ndi kudukizadukiza kwa maganizo athu. Tikamvetsa mmene zimenezi zimachitikira, tikhoza kugwira ntchito yomweyo m'maola ochepa, mtima uli m'malo.

Zimene zimachitika m'mutu tikamadumphadumpha

Munthu angathe kuyenda uku akuyankhula, chifukwa kuyenda sikufuna kuganiza. Koma ubongo sungathe kugwira nthawi imodzi ntchito ziwiri zofuna kuganiza. Tikamawerenga uku tikuyankha mauthenga, ubongo umasiya ntchito ina n'kupita ku ina, kenako n'kubwerera. Ulendo uliwonse wotere umadya nthawi ndi mphamvu.

Gloria Mark, pulofesa wa pa University of California ku Irvine, wakhala akufufuza kwa zaka zambiri mmene anthu amagwirira ntchito pakompyuta. Mu 2004 anapeza kuti munthu ankakhala pafupifupi masekondi 150 akuyang'ana chinthu chimodzi asanapite pa china. Mu 2012 nthawiyi inatsika kufika pa masekondi 75, ndipo m'zaka zaposachedwapa yafika pa masekondi 47. Tangoganizani, mphindi imodzi siikwana tisanatembenukire kwina.

Wofufuza wina, Sophie Leroy, anasonyeza mu 2009 kuti tikasiya ntchito yosatha n'kuyamba ina, mbali ina ya maganizo imatsalira pa ntchito yoyamba ija. N'chifukwa chake tikayankha uthenga wa amalume n'kubwerera pa buku, maso amawerenga koma mutu ukadali kumudzi. Tingayerekeze ndi mphika wa nyemba. Tikamauphula pamoto mphindi iliyonse kuti titenthetse zina, makala amatha nyemba zisanapse. Makalawo ndiwo mphamvu zathu za tsikulo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pa kafukufuku wina amene Gloria Mark anachita ndi anzake ku Germany mu 2008, anthu amene ankadodometsedwa pa ntchito anaimaliza mofulumirirapo kusiyana ndi amene sankadodometsedwa. Koma iwowo ananena kuti anapanikizika kwambiri, anakhumudwa, ndipo anaona ngati nthawi ikuwathera. Ndiye kuti tikhoza kumalizadi ntchito pakati pa phokoso la mauthenga, koma mtengo wake umalipidwa ndi thupi.

Mmene thupi limalipirira

Tikaona njoka panjira, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira, minofu imakungika, shuga amachuluka m'magazi kuti tithe kuthawa. Njoka ikalowa m'tchire, thupi limabwerera mwakale. Umu ndi mmene thupi limatitetezera pa ngozi ya kanthawi kochepa.

Vuto ndi lakuti thupi limachitanso chimodzimodzi tikalandira uthenga wakuti mayeso awabweretsa pafupi, kapena tikaona mauthenga ambirimbiri osawerenga. Njoka imachoka, koma foni sichoka. Imagona nafe pambali pa pilo, ndipo ndiyo timayamba kuona tikangodzuka. Thupi likakhala chikungikire kwa masabata ambiri, zizindikiro zimayamba kuoneka: litsipa, kuwawa kwa khosi ndi msana, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kuiwalaiwala, ndi kusafuna kudya kapena kudya mopitirira muyezo.

Mu 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza za kutopa kotheratu kumene kumabwera munthu akapanikizika pa ntchito kwa nthawi yaitali popanda chithandizo. Linatchula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito kapena kusaisamalanso, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale. Mu 2021, bungwe lomweli pamodzi ndi bungwe loona za ntchito la ILO linalengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko komanso matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Ziwerengerozi zikutiuza kuti kuwonjezera maola si njira yopanda ngozi. Tiyenera kupeza njira ina.

Titulutse ntchito m'mutu, tiziike papepala

Mutu ukasunga ntchito khumi nthawi imodzi, umangotikumbutsa za iliyonse ngakhale pakati pa usiku. Mu 2018, ofufuza a pa Baylor University ku Texas anauza anthu ena kuti alembe kwa mphindi 5, asanagone, ntchito zimene ayenera kugwira masiku akubwerawo. Ena anawauza kuti alembe ntchito zimene anamaliza kale. Amene analemba ntchito za m'tsogolo anagona msanga kuposa anzawowo. Zikuoneka kuti ntchito ikalembedwa, mutu umasiya kuilondera.

Choncho madzulo aliwonse titenge kope, tilembe zonse zimene zikutidikira. Pa mndandandawo tisankhepo zitatu zofunika kwambiri za mawa. Tizilemba momveka. M'malo molemba kuti "asayimenti", tilembe kuti "kuwerenga masamba khumi ndi kulemba ndime yoyamba". Ntchito yaikulu imaopsa, koma ikadulidwa timagawo imayambika.

Ntchito imodzi, nthawi yoikika, foni patali

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, wophunzira wina wa ku yunivesite ku Italy, Francesco Cirillo, ankavutika kuika maganizo pa maphunziro. Anatenga kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati phwetekere n'kumakatchera kuti awerenge kwa nthawi yochepa popanda kudukiza. Njira yakeyo inadzatchedwa Pomodoro, kutanthauza phwetekere m'Chitaliyana. Imayenda motere: timagwira ntchito imodzi kwa mphindi 25, timapuma mphindi 5, ndipo tikatero kanayi timapuma nthawi yotalikirapo, mphindi 15 mpaka 30.

Chinsinsi chake sichili pa nambala 25. Ena amakonda mphindi 40 kapena 50. Chofunika ndi chakuti pa nthawiyo foni ikhale m'chikwama, itatsekedwa mawu, ndipo pakompyuta pakhale potsegula chinthu chimodzi chokha. Lingaliro lina likabwera, monga kukumbukira kuti sitinachape malaya, tililembe pambali n'kupitiriza. Pa nthawi yopuma tiimirire, timwe madzi, tiyang'ane kutali. Tikapumira pa Facebook kapena TikTok, maso ndi ubongo zimakhala zikugwirabe ntchito.

Mauthenga akhale ndi nthawi yake

Mu 2015, Kostadin Kushlev ndi Elizabeth Dunn a pa University of British Columbia ku Canada anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 124. Sabata ina anthuwa ankaona maimelo awo katatu kokha pa tsiku, ndipo sabata ina ankaona nthawi iliyonse imene afuna. Pa sabata imene ankaona katatu kokha, ananena kuti kupanikizika kwawo kunachepa.

Kwa ambirife, imelo yathu ndi WhatsApp. Tikhoza kuchita zomwezo: kuona mauthenga m'mawa tisanalowe m'kalasi, masana pa nthawi ya chakudya, ndi madzulo tikamaliza kuwerenga. Magulu amene sakhudza maphunziro kapena ntchito tingawatseke mawu popanda kutulukamo. Ena amaopa kuti uthenga wa maliro kapena matenda ungawadutse. Mantha amenewa ndi omveka, koma njira ilipo: tiwauze makolo ndi abale kuti pa zadzidzidzi aziimba, ndipo tisiye foni kuti izilira munthu akaimba basi.

Kuwerenga mwanzeru kumaposa kuwerenga maola ambiri

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timakumana ndi dzina la Hermann Ebbinghaus, Mjeremani amene mu 1885 anasonyeza kuti zimene taphunzira zimaiwalika msanga m'maola ndi masiku oyambirira, ndiponso kuti kubwereza pa masiku otalikirana kumathandiza kuposa kubwereza zonse tsiku limodzi. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Gulu lina linangoibwereza kuwerenga kangapo. Gulu lina linawerenga kamodzi, kenako n'kumalemba zimene likukumbukira osayang'ana. Patatha sabata imodzi, obwereza kuwerenga aja anakumbukira 40 peresenti, pamene odziyesa aja anakumbukira 61 peresenti.

Phunziro lake ndi losavuta. Tikawerenga mutu umodzi, titseke buku, tilembe kapena tifotokozere mnzathu zimene tagwira, kenako tione zimene taphonya. Tibwerezenso patapita masiku awiri, kenako patapita sabata. Ola limodzi lotere limapindula kuposa kuchezera usiku wonse tikuyang'ana manotsi amene tinajambula pafoni. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tulo si nthawi yotayika

Tikudziwa kuti ena timadikira pakati pa usiku chifukwa ndi pamene intaneti imathamanga kapena kutsika mtengo, ndipo ena timathamangira kumaliza magetsi asanazime. Zifukwa zimenezi ndi zenizeni. Komabe tikhoza kukopera mabuku ndi manotsi pa nthawi imene intaneti ilipo, kenako n'kuitseka, n'kumawerenga masana. Ndalama ya intaneti imapulumuka, ndipo zododometsa zimachepa.

Akatswiri a zatulo amalangiza kuti munthu wamkulu azigona maola osachepera 7 usiku uliwonse. Tili m'tulo, ubongo umakhazikitsa zimene taphunzira tsikulo kuti zisaiwalike. Wochezera usiku wonse amataya mbali ina ya zimene wawerengazo, n'kulowa m'chipinda cha mayeso mutu uli zii. Bungwe la WHO limalangizanso kuti akuluakulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kuyenda ndawala mphindi 30 kwa masiku asanu kumakwaniritsa zimenezi, ndipo kumathandiza kuti tulo tibwere.

Mpumulo wa mnzathu uli m'manja mwathu

Kuyambira pa 1 January 2017, lamulo la ku France limafuna kuti makampani okhala ndi antchito osachepera 50 azikambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga a ntchito akaweruka. Dzikolo linaona kuti munthu payekha sangapume ngati abwana ake akumutumizira mauthenga usiku.

Kwa ife osunga Sabata, mfundo imeneyi si yachilendo. Lamulo lachinayi silinena za mpumulo wa mwini nyumba yekha, koma limatchulanso ana, antchito, ziweto ndi mlendo. Wopuma ayenera kulolanso ena kupuma. Koma taonani mmene foni yalowetsera ntchito m'maola opatulikawa. Dzuwa lalowa Lachisanu, mabuku tatseka, koma pagulu la kalasi wina akufunsabe za asayimenti ya Lolemba, ndipo tonse mtima wabwerera ku ntchito. Pamasiku enanso timatumiza mauthenga a komiti 11 koloko usiku, n'kukhumudwa tikaona kuti munthu wawerenga koma sanayankhe.

Magulu athu angagwirizane malamulo ochepa: zolengeza za kalasi zizitumizidwa isanakwane 8 koloko madzulo, gulu la zolengeza lisasakanizidwe ndi la macheza, ndipo nkhani za sukulu ziziima kuyambira Lachisanu madzulo kufikira Sabata litatha. Ife amene tidzakhale aphunzitsi tikonzekeretu, chifukwa kutsogoloku kuli masikimu, kuchonga makope, magulu a makolo ndi mauthenga a akuluakulu a sukulu. Chizolowezi chimene tikuumba lero ndicho tidzapite nacho kumeneko, ndipo ana amene tidzawaphunzitse adzatengera kwa ife.

Katundu akalemera kwambiri

Njira zonsezi zimathandiza pa kupanikizika kwa masiku onse. Koma nthawi zina gwero lake ndi fizi yosalipidwa, matenda kunyumba kapena imfa ya wachibale, ndipo kope la mndandanda silingathetse zimenezo. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo tikusowa tulo, tilibe chimwemwe pa zimene tinkakonda, kapena tayamba kuganiza zodzivulaza, tisadikire. Tikaonane ndi abusa a pasukulu, mlangizi wa ophunzira kapena achipatala. Tikaona zizindikirozi mwa mnzathu wa m'chipinda, timufunse mwachikondi ndi kumuperekeza. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kupempha thandizo si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Makolo ndi otithandiza amadzimana zambiri kuti tikhale pano, ndipo chimene akufuna ndi kutiona tikumaliza maphunziro tili athanzi. Sitingasinthe zonse tsiku limodzi. Madzulo ano tikakhala pansi 7 koloko, tiyese chimodzi chokha: foni m'chikwama, ntchito imodzi patsogolo, mphindi 25. Zikatha, tiwerenge mizere imene talemba, tiyerekeze ndi ya dzulo.