Amene amawerenga masiku a omangidwa

Munthu akatsekeredwa m'chitokosi, chinthu choyamba kumusokonekera ndi masiku. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, a 1994, amanena m'ndime 42 kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Nanga maolawo amawerenga ndani? Mwini wake nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti lamulolo lilipo. Wapolisi wofufuza mlandu ali ndi madoketi ena patebulo, ndipo abale ali kumudzi, akugulitsa nkhuku kuti apeze ya basi. Kuwerengako kunagwera anthu amene timawatcha maparaligo.

Paraligo si loya. Savala mkanjo wakuda, ndipo saimira munthu pamaso pa woweruza. Ndi munthu wophunzitsidwa malamulo okhudza kumangidwa, belo ndi kazengedwe ka milandu, amene amatenga nzeruzo n'kukazitula kumene zikusowa: kupolisi, kukhoti la majisitireti ndi m'ndende. Ntchitoyi inayamba m'chaka cha 2000, pamene bungwe la Penal Reform International linagwirizana ndi mabungwe anayi a kuno kwathu kuti atumize anthu otere m'ndende zikuluzikulu. Mu 2007 inaima payokha ngati bungwe la PASI. Lero maparaligo aliponso ku mabungwe a CHREAA ndi Legal Aid Bureau, ndipo maiko monga Kenya, Uganda ndi Bangladesh anadzatengera njira imeneyi kwa ife.

Tsiku lawo limayambira pachipata cha ndende ya Maula, Chichiri, Mzuzu kapena Zomba, ndende yakalekale ya 1935. Akalowa amasonkhanitsa a pa rimandi pabwalo, anthu amene agona pa shamba, chokhala, wina kutsamira mnzake, poti malo otambasulira miyendo palibe. Phunziro lake si la pabolodi. Amachita sewero: mkaidi mmodzi akhala majisitireti, wina woimira boma, wina woimbidwa mlandu, ndipo womalizayu aimirira n'kupempha belo ndi pakamwa pake. Akalakwitsa, anzake amukonza, abwerezanso. Ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nzeru ya ntchito yonseyi. Mlimi amene sanalowepo m'khoti amanjenjemera akamva dzina lake, ndipo ena amavomera mlandu umene sanapalamule pongofuna kuti zithe. Woti anayeserera dzulo amatha kunena kuti, "Bwana, ndili ndi banja, kwathu n'kwakuti, amfumu akundidziwa, sindithawa."

Kenako pamabwera ntchito yotopetsa, imene palibe amaiona. Paraligo akhala pansi ndi kaundula wa ndende, dzina ndi dzina: uyu analowa liti, chikalata chomusungira chinatha mphamvu liti, anaonekera kukhoti komaliza liti. Lamulo la kazengedwe ka milandu linaika malire mu 2010: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha, pokhapokha khoti litaonjezera. Komabe m'kaundula mumapezeka anthu amene adutsa malirewo kalekale, wina poti fayilo yake inasowa, wina poti wapolisi wa mlandu wake anasamutsidwa, wina poti galimoto yopita kukhoti inalibe mafuta. Mainawo paraligo amapita nawo kwa majisitireti ndi kwa woimira boma, ndipo zikatheka amakonza zoti khoti likakhalire m'ndende momwemo. Patsiku lotero woweruza amaona ndi maso ake mmene anthu amene iye anawatumiza kumeneko akukhalira, ndipo ena amatuluka lomwelo.

Belo ikaperekedwa, nkhani sinathe. Pamafunika m'bale womuikira umboni, ndipo m'baleyo akhoza kukhala ku Nsanje pamene womangidwa ali ku Lilongwe. Paraligo amaimba foni, amatuma uthenga kudzera kwa mfumu, nthawi zina amakwera yekha kabaza kukafufuza. Akapeza mwana m'chitokosi cha akuluakulu, amasakasaka makolo ake kuti nkhaniyo ithere kunja kwa ndende. Amakumbutsanso abale mfundo imene ambiri amaidziwa atalipira kale, yoti belo ya kupolisi ndi yaulere.

Ntchitoyi ili ndi kuwawa kwake. Paraligo amalowa m'ndende ndi chilolezo cha eni ndende, choncho sangakuwe pa wailesi chilichonse chimene waona. Akatero, mawa apeza chipata chotseka ndipo amene avutike ndi akaidi. Kudzudzula poyera ndi kwa ena: bungwe la Malawi Human Rights Commission, bungwe loyendera ndende limene malamulo aakulu anakhazikitsa, ndi la Independent Complaints Commission lomva madandaulo okhudza apolisi, limene lamulo lina la 2010 linalamula kuti likhalepo koma linayamba ntchito patapita zaka khumi. Makhoti nawo analankhulapo. Pa mlandu wa Gable Masangano mu 2009, khoti lalikulu linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikana m'ndende ndi theka. Mu 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, linathetsa ndime ya lamulo la vakabu imene apolisi ankagwirira osauka usiku. Zigamulo zabwino zimenezi sizidziyendera zokha kukafika m'chitokosi cha kuboma lakutali. Pamafunika wina wokauza wapolisi wapakauntala, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, kuti, "Achimwene, ndime iyi inathetsedwa."

Chimandipweteka mtima n'chakuti gawo lalikulu la ntchito imeneyi limadalira ndalama za maiko otithandiza. Pulojekiti ikatha, paraligo wodziwa fayilo iliyonse ya m'boma lake amakhala pakhomo kudikira ina, ndipo mlungu umenewo kaundula wa rimandi satsegulidwa ndi munthu wochokera kunja kwa mpanda. A Legal Aid Bureau akhala akupempha kuti maparaligo aziloledwa kuimira anthu pa milandu ing'onoing'ono kwa majisitireti, poti maloya ambiri ali m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Maloya ena amakana, akuti maphunziro a maparaligo ndi ochepa. Nkhawayo ndimaimva, koma woganiziridwa kuba mbuzi ku Chitipa sakusankha pakati pa loya ndi paraligo. Iye akaitanidwa m'bokosi, amaimamo yekha.