Mphunzitsi Wachilendo Akayamba Kukhala Chete

Kuyambira kale dziko lathu lakhala likulandira aphunzitsi odzipereka ochokera kunja. A Peace Corps a ku America anafika koyamba mu 1963, tisanalandire ufulu wodzilamulira. A ku Japan anayamba kubwera mu 1971, ndipo a ku Britain ambiri amabwera kudzera m'bungwe la VSO. Ambiri amafika ali osangalala, koma pakangopita miyezi iwiri kapena itatu timawaona atakhala chete kapenanso kupsa mtima msanga. Ena timafulumira kunena kuti mzunguyu ndi wonyada. Ine ndikufuna kufotokoza kuti nthawi zambiri si kunyada ayi.

Vutoli azungu amalitcha culture shock, kutanthauza kusokonezeka kwa munthu amene walowa m'chikhalidwe cha eni. Katswiri wina wa zachikhalidwe, Kalervo Oberg, analemba mu 1960 kuti mlendo amadutsa m'magawo anayi. Poyamba chilichonse chimamkoma. Kenako amayamba kunyansidwa ndi kulakalaka kwawo. Pambuyo pake amaphunzirako chinenero n'kumadziseka yekha. Pomaliza amazolowera.

Tiyeni titenge chitsanzo cha kwathu ku Malindi, kutsidya kwa mtsinje wa Shire, kumene kuli chipatala cha St Martin ndi sukulu ya atsikana ya St Michael. Mlendo akafika, masiku oyamba amangojambula nyanja, mabwato a asodzi ndi usipa woyanika pathandala. Koma ukafika mwezi wa Okotobala kutentha kumamusowetsa tulo, ndipo udzudzu sumupatsa mpata. Iye anavutikira kuphunzira "Muli bwanji?", koma kumsika akumva anthu akulonjerana kuti "Ajimwiche uli?", pakuti kwathu ambiri amayankhula Chiyao. M'bandakucha amadzutsidwa ndi kuitana kwa kumzikiti. Akamayenda pamsewu ana amamtsatira akukuwa kuti "Azungu! Azungu!", munthu amene kwawo palibe ankamucheukira.

Koma chimene chimamupweteka kwambiri chili m'kalasi. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula tiziyang'ana pansi. Kwawo mwana woyang'ana pansi amamuyesa wabodza kapena wosamvetsera. Akatifunsa ngati tamva, tonse timavomera ngakhale tisanamve, poopa kumuchititsa manyazi. Iye amapitiriza phunziro, ndipo mayeso akabwera amadabwa kuti theka la kalasi lalephera. Apa amaganiza kuti tinamunamiza dala. Kukagwa maliro m'mudzi ntchito zimaima, iye n'kumawerenga masiku otayika. Chonsecho mbali zonse ziwiri zikuyesa kuchita ulemu, kungoti ulemu wa wina sukuoneka kwa mnzake.

Ndili ku pulayimale kwathu ndinaona mphunzitsi wina wamkazi amene anatsala pang'ono kubwerera kwawo chaka chisanathe. Chimene chinamusunga ndi mayi wina woyandikana naye. Mayiyu anamuphunzitsa kuvala chitenje, kuphika nsima ndi kulandira chinthu ndi manja awiri, ndipo anamutenga kukapepesa maliro. Kuyambira tsiku limenelo anthu anasiya kumutchula kuti mzungu, anayamba kumutchula kuti aphunzitsi. Anakhala zaka zake ziwiri mpaka kumaliza.

Tsono anzanga, pali zimene tingachite. Ngati sitinamve, tiimike mkono ndi kunena mwaulemu kuti abwereze. Timufotokozere chifukwa chake timayang'ana pansi. Akalakwitsa Chichewa kapena Chiyao timukonze, osati kumuseka kumbali. Makolo athu, muitaneni kunyumba adzadye nanu chambo. Mphunzitsi akabwerera msanga, otsala opanda wowaphunzitsa masamu kapena sayansi ndife.

Tikumbukirenso kuti ena a ife adzatumizidwa kukaphunzira ku Rome kapena kukatumikira ku parishi ya chinenero china. Tsiku limenelo wosowa tulo ndi wolakwitsa malonje adzakhala ife. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tiyeni timusamale asanakamuke.