Oyilo akamadontha, yang'anani pamwamba kaye

Galimoto zakale zambiri zimasiya dontho lakuda paliponse pamene zagona, ndipo eni ake ena anazolowera mpaka kumayenda ndi botolo la oyilo mubuti. Mlungu uliwonse kuthira pang'ono, basi ulendo. Ena akaona dontho lija amagwidwa mantha n'kuthamangira ku galaja, kumene nthawi zina amauzidwa kuti injini yonse itsike. Ine ndili ndi Corolla ya 1996 ya injini ya 5A-FE, ndipo zimene ndaona n'zakuti kudontha kwambiri kwa magalimoto a msinkhu umenewu kumachokera pa timphira totchipa timene munthu angasinthe pakhonde pake Loweruka m'mawa.

Choyamba n'kudziwa chimene chikudonthacho. Ikani katoni pansi pa galimoto usiku wonse. Oyilo wa injini amakhala wakuda kapena wodera, wa giyabokosi ya otomatiki nthawi zambiri ndi wofiirira, pamene madzi a radiyeta sateterera chimodzimodzi mukawatikita pa zala.

Koma katoniyo sakuuzani kumene oyilo akutulukira. Oyilo amatsetsereka kupita pansi, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo imamukankhira kumbuyo. N'chifukwa chake sampu imaoneka yonyowa ngakhale ilibe mlandu. Injini ikazizira, itsukeni ndi parafini ndi burashi, osamwaza madzi pa distributor ndi alternator. Ikauma, yendani makilomita ochepa, kenako tengani tochi. Malo onyowa amene ali pamwamba kuposa onse ndiwo gwero lake. Fumbi la m'misewu yathu limathandizanso, chifukwa limamatirira pomwe pali oyilo watsopano.

Pa injini yangayi gwero linali gasiketi ya chivindikiro cha pamwamba, chimene amakaniko amati top cover. Mphira wake atapsa ndi kutentha kwa zaka zambiri amauma ngati pulasitiki, ndipo mukamupinda amangothyoka. Oyilo akadonthera pa paipi ya utsi yotentha, m'galimoto mumamveka fungo la kupserera mukaima pa maloboti. Ntchito yake si yaikulu: kuzula zingwe za mapulagi, kumasula manati ochepa ndi sipanala ya 10, n'kunyamula chivindikirocho. Chikakanirira chigogodeni ndi chikhatho, osachitema ndi sikuludiraiva, chifukwa aluminiyamu akakandika ndiye mwapanga njira ina ya oyilo. Pukutani m'mbali monse mpaka mouma, musinthenso timphira tozungulira mabowo a mapulagi. Timeneti tikatha, oyilo amadzaza m'mabowomo ndipo injini imayamba kutsokomola.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu ambiri. Silikoni sapaka paliponse ngati majarini pa buledi. Amafunika kadontho chabe m'makona momwe gasiketi imapindika kukwera pa camshaft. Wochuluka amafinyikira m'kati, zidutswa zake zimagwera m'sampu n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo, ndipo vuto la kamphira limasanduka vuto la injini yonse. Manatinso safuna mphamvu za pa tayala. Amangeni pang'onopang'ono modumphitsa mpaka angogwira. Mukawonjeza mphamvu mphira amaphwanyika, kapena bawuti imaduka.

Pali kamphira kena kamene kamanamiza anthu kwambiri: O-ring ya distributor. Distributor ili kumbali ya giyabokosi, ndiye oyilo wake amatsikira pomwe injini imakumana ndi giyabokosi. Munthu akasuzumira pansi amaganiza kuti ndi seal yakumbuyo ya crankshaft, imene kuti isinthidwe giyabokosi iyenera kutsika. Musanavomere ntchito yaikulu chotero, pisani chala kunsi kwa distributor. Ngati mukuichotsa, yambani mwalemba chizindikiro pomwe inakhalira ndi komwe rotor yaloza, kuti timing isasokonekere. Onaninso fyuluta ngati yamangidwa bwino, switch ya nyali ya oyilo, ndi washala wa bawuti ya sampu, amene ayenera kusinthidwa nthawi iliyonse pothira oyilo watsopano koma ambiri amangomubwezera.

Kavalavu ka PCV, kamene kali pa chivindikiro chomwe chija, n'koyenera kukagwedeza. Kakakhala bwino kamalira ngati muli kamwala. Kakatsekeka, mpweya umene umadutsa m'mbali mwa mapisitoni umasowa potulukira ndipo umakankha oyilo pa mphira aliyense wofooka. Mutha kusintha gasiketi kawiri katatu osapindula kanthu chifukwa cha kachinthu kochepa ngati chala.

Zina sindizichitira pakhomo. Oyilo akamatuluka m'kati mwa chivindikiro cha timing belt, ndiye kuti seal ya camshaft kapena ya crankshaft yatha, ndipo lamba wonyowa ndi oyilo sachedwa kuwonongeka. Imeneyo ndi ya makaniko, ndipo ndi bwino lambayo asinthidwe nthawi yomweyo. Mankhwala a m'botolo oti amatseka kudontha sindiwakhulupirira: amafufumitsa mphira kwa kanthawi, koma gasiketi yothyoka sangailumikize. Oyilo wolimba kwambiri naye amangobisa vutolo.

Ngati mukulowa pansi pa galimoto, jeke yekha si wodalirika, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Pezani ma stand achitsulo, muike pamalo olimba, matayala akumbuyo muwatchinge. Oyilo wakale musamuthire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.

Injini imeneyi imangonyamula malita pafupifupi 3, ndiye lita imodzi ikatayika si nkhani yaing'ono. Mukamaliza ntchito, tsukaninso pamalopo, muike katoni watsopano, ndipo kwa mlungu wathunthu muziona dipstick m'mawa uliwonse galimoto ili pamalo athyathyathya, injini isanalizidwe.