Ng'ombe Imene Inagwetsa Pulogalamu Yathu

Teremu yathayi gulu lathu la makompyuta linapatsidwa ntchito yokonza pulogalamu yolembamo mabuku a mu laibulale, kuti kaundula wamkulu uja amene masamba ake anayamba kuthothoka apumeko. Ine ndinasankhidwa kuyang'anira mbali ya detabesi, osati chifukwa chodziwa kwambiri ayi, koma chifukwa tsiku logawana ntchito ndinafika mochedwa. Tsono popeza anzanga ambiri a Fomu 2 mwakhala mukundifunsa tanthauzo la tsamba lachikasu limene limaoneka pulogalamu ikakanika, ndaganiza zolemba pano zimene ndinaphunzira, ndipo zambiri ndinaziphunzira polakwitsa.

Tinagwiritsa ntchito Django. Ichi tingati ndi chimango: munthu womanga nyumba akapeza nsanamira ndi phaso zili kale m'malo, iye amangophoma ndi kufolera. Django analembedwa m'chilankhulo cha Python, ndipo anayamba m'chaka cha 2003 ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World mu mzinda wa Lawrence ku Kansas, m'dziko la America. Amene anamuyamba ndi Adrian Holovaty ndi Simon Willison, ndipo mu 2005 anamupereka kuti aliyense azigwiritsa ntchito mwaulere. Dzinalo analitenga kwa Django Reinhardt, katswiri woimba gitala.

Detabesi ndiye nkhokwe imene pulogalamu imasungamo zinthu. M'kati mwake muli matebulo, koma musaganize za tebulo lodyerapo nsima. Tebulo la mu detabesi lili ngati tsamba la kaundula: mzere uliwonse ndi buku limodzi, ndipo madanga ake ndi dzina la buku, mlembi, nambala ndi zina zotero. Pofuna kanthu m'nkhokwemo umafunsa m'chilankhulo chotchedwa SQL. Ubwino wa Django ndi wakuti iwe umalemba zofuna zako mu Python, iye n'kumasulira yekha mu SQL. Ife tinatenga detabesi ya SQLite, imene D. Richard Hipp anaitulutsa mu 2000, pakuti Django amayamba ndi yomweyo ndipo zonse zimakhala mu fayilo imodzi yotchedwa db.sqlite3. Dzina limeneli mulisunge, chifukwa ndi pamene pali chisoni changa.

Tsiku lina tinagwirizana kuwonjezera danga lolembamo shelefu imene buku limakhala. Ndinalemba bwinobwino mu models.py, ndinatsegula tsamba, ndipo panatuluka chikasu chija ndi mawu akuti "OperationalError: no such column". Ndinayesa kuzimitsa kompyuta ndi kuyatsanso, koma osaphula kanthu. Pamenepo ndinakumbukira kuti masiku oyambirira, tikasokoneza zinthu, tinkangofufuta fayilo ya db.sqlite3 n'kuyambiranso. Ndinachita zomwezo. Vuto linathadi, koma pamodzi nalo panapitanso mabuku onse amene anyamata anayi a Fomu 1 anakhala akulemba madzulo aliwonse kwa masabata atatu, anzawo ali ku mpira. Kopi ina panalibe. Kunena zoona, kukawauza anyamata aja kunandivuta kuposa mayeso a Physical Science, ndipo mpaka lero mmodzi wa iwo akandiona amangopukusa mutu.

Chimene chinali chitachitika n'chaching'ono. Zimene umalemba mu models.py zili ngati pulani ya nyumba. Kusintha pulani sikusintha nyumba imene yamangidwa kale. Ine ndinajambula zenera pa pepala, kenaka n'kumadabwa kuti m'chipinda mukadali mdima. Kuti kusinthako kufike mu detabesi pafunika malamulo awiri. Loyamba ndi makemigrations, limene limayerekeza pulani yatsopano ndi yakale n'kulemba zoyenera kusintha. Lachiwiri ndi migrate, limene limakagwira ntchitoyo mu detabesi popanda kutaya zimene zilimo. Ukakayika, lamulo la showmigrations limaonetsa mndandanda wonse, ndipo zimene zachitika kale zimakhala ndi chizindikiro cha X. Njira imeneyi inalowa mu Django weniweni mu 2014, pa Django 1.7. Uthenga wakuti "no such table" kawirikawiri gwero lake ndi lomweli. Safunsa anadya phula: aphunzitsi athu anali m'chipinda choyandikana nacho nthawi yonseyi. Kuchokera tsiku limenelo, ndisanakhudze kanthu ndimayamba ndakopera fayilo ija pa fulashi.

Apa ndinenepo za kawerengedwe ka tsamba lachikasulo, pakuti ambiri mumaliopa chifukwa cha kutalika kwake. Pamwamba penipeni pamalembedwa mtundu wa vuto ndi kufotokoza kwake mwachidule. M'munsi mwake muli mndandanda wa malo onse amene pulogalamu inadutsa isanagwe. Mizere yambiri ndi ya mafayilo a Django mwiniwake ndipo mukhoza kuidumpha. Funani mzere womaliza umene ukutchula fayilo imene munalemba inu, ndipo nthawi zambiri cholakwa chili pomwepo.

Tsopano za ng'ombe ija. Tinaika bokosi lofufuzira mabuku potsata nkhani yake, ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti SQL ndimaidziwa, ndinalemba funsolo ndekha, kumangolumikiza mawu amene munthu walemba ku mapeto a chiganizo. Kwa masiku angapo zonse zinayenda. Wina analemba "chimanga", mabuku anabwera. Wina "fodya", anabwera. Kenaka mnzanga wina wokonzekera mayeso a Agriculture analemba "ng'ombe", pulogalamu n'kugwa, uthenga wake uli wakuti near "ombe": syntax error. Tinaseka kaye, koma tinatha ola lathunthu tisanamvetse. Mu SQL mawu amatsekeredwa pakati pa tizizindikiro tiwiri tofanana ndendende ndi kamene timalemba mu ng' wa Chichewa. Choncho detabesi inawerenga "ng" n'kuganiza kuti mawu athera pomwepo, ndipo "ombe" inamutenga ngati lamulo limene silidziwa. Ng'ona, ng'oma, ng'anjo ndi Mang'anja onse akanatigwetsa chimodzimodzi.

Aphunzitsi atamva sanaseke. Anatifotokozera kuti ngati kachizindikiro kamodzi kangathe kutseka mawu, munthu wa mtima woipa angathe kulemba lamulo lakelake pambuyo pake, n'kuwerenga kapena kusintha zimene sayenera kukhudza. Kuba kotereku kumatchedwa SQL injection, ndipo kwaononga mawebusayiti akuluakulu. Mankhwala ake ndi kusalumikiza mawu a munthu ku funso ndi manja. Ukagwiritsa ntchito filter wa Django, kapena ukapereka mawuwo padera ngati params, detabesi imawalandira ngati mawu chabe, osati lamulo. Mnzanga uja anatithandiza osadziwa.

Chilembo cha ŵ nachonso chinatipatsa ntchito. Mabuku ena akale analembedwa kuti Malaŵi, ena Malawi, ndipo kwa kompyuta ŵ ndi w ndi zilembo ziwiri zosiyana, kotero wofufuza ankapeza gawo limodzi lokha la mabukuwo. Kuwonjezera apo, SQLite imadziwa kuti A wamkulu ndi a wamng'ono ndi amodzi, koma nzeru imeneyi imathera pa zilembo wamba za Chingerezi. Ŵ ndi ŵ siiwafananitsa. Pamenepa palibe tsamba lachikasu, palibe chenjezo lililonse, pulogalamu imangoyankha modekha kuti buku kulibe pamene lili pa shelefu. Kwa ine vuto lachete lotere ndi loopsa kuposa lofuula. Tinalithetsa powonjezera danga lina lobisika momwe dzina la buku limasungidwa m'zilembo zing'onozing'ono, ŵ atasandutsidwa w, ndipo kufufuza kumachitikira m'danga limenelo.

Vuto lina linali la buku limodzi lolembedwa kawiri pa nambala imodzi. Lamulo la get limayembekeza kupeza chinthu chimodzi chokha: likapeza ziwiri limadandaula kuti MultipleObjectsReturned, likasowa n'komwe limati DoesNotExist. Tinaika unique=True pa nambala ya buku, koma migrate anakana mpaka titachotsa kaye mizere yobwerezedwayo. Tsopano wina akabwereza nambala, detabesi imakana yokha, ndipo uthenga wa IntegrityError ndimauona ngati mlonda amene wagwira ntchito yake.

Chomaliza chimene chinandisangalatsa kuchitulukira ndi chifukwa chimene tsamba la mndandanda wa mabuku linkachedwera kutseguka. Anzanga ankanamizira kompyuta kuti ndi yokalamba. Koma pamene DEBUG ali True, Django amasunga mafunso onse amene watumiza mu connection.queries, ndipo titawawerenga tinadabwa. Mabuku ali mu tebulo lawo, alembi mu lawo. Pulogalamu yathu inkafunsa kamodzi kuti itenge mabuku onse, kenaka pa buku lililonse inkabwereranso kukafunsa dzina la mlembi. Tinene kuti mabuku ndi 200, ndiye kuti mafunso ndi 201. Zili ngati mwana wotumidwa ku golosale amene akupita kukagula mchere n'kubwera, kupitanso kukagula sopo n'kubwera, m'malo monyamula pepala la zonse. Odziwa amalitcha vuto la N+1. Titawonjezera select_related, Django analumikiza matebulo awiriwo m'funso limodzi, ndipo tsamba linayamba kutseguka msanga pa kompyuta yokalamba yomweyo. Amene mukufuna kuona SQL imene Django wamasulira, lembani .query ku mapeto a funso lanu n'kulisindikiza. Mudzaona ngati zimene mwafunsa ndi zimene mumafunadi.

Chenjezo limodzi pa DEBUG: pulogalamu ikayamba kugwiritsidwa ntchito ndi anthu ena, mumuike pa False, chifukwa tsamba lachikasu limaulula zam'kati mwa pulogalamu kwa aliyense wolitsegula.

Pali vuto limodzi limene tikulimbana nalobe. Anthu angapo akamalemba mabuku nthawi imodzi, mwa apo ndi apo pamatuluka uthenga wakuti "database is locked". SQLite imalola wolemba mmodzi yekha pa nthawi, ndipo winayo akadikira kupitirira masekondi 5 amagwa ulesi. Ena m'gulu lathu akuti tingotalikitsa nthawi yodikirayo, ena akuti tisamukire ku PostgreSQL imene inapangidwira anthu ambiri. Tidzakambirana Loweruka loyamba la teremu ikubwerayi, ndipo mabuku a masabata atatu aja ndikuwalembanso ndekha. Ndatsala ndi mashelefu awiri.