Maiko amphamvu ndi demokalase ya kum'mwera kwa Africa: umboni wa ku Cape Town

CAPE TOWN – Pa 2 Febuluwale 1990, Pulezidenti F.W. de Klerk anaimirira m'nyumba ya malamulo mumzinda uno nalengeza kuti boma lake lachotsa chiletso pa zipani za ANC, PAC ndi chipani cha chikomyunizimu cha South Africa. Pa 11 mwezi womwewo Nelson Mandela anatuluka m'ndende ya Victor Verster nadzalankhula ndi khamu la anthu ali pakhonde la City Hall.

Chimene ambiri amachiiwala n'chakuti tsiku limenelo De Klerk anatchulanso zochitika za kutali. Iye anati kusintha kwa zinthu ku Soviet Union ndi kum'mawa kwa Ulaya kunafooketsa mabungwe amene ankadalira thandizo lochokera kumeneko. Khoma la Berlin linali litagwa miyezi itatu isanakwane. Boma la tsankho linali litataya chifukwa chimene kwa zaka 40 linkapereka kwa maiko a azungu kuti asalitaye.

Chifukwacho chinali mantha a chikomyunizimu. M'nthawi ya Nkhondo ya Mawu, pamene America ndi Soviet Union ankalimbirana ulamuliro wa dziko lapansi, maiko awiriwa ankayang'ana boma lililonse mu Africa ndi funso limodzi: kodi lili mbali yathu? Zakuti bomalo linasankhidwa ndi anthu kapena ayi zinkabwera pambuyo. Boma la South Africa linazindikira zimenezi msanga. Mu 1950 linakhazikitsa lamulo lothana ndi chikomyunizimu, ndipo linalemba tanthauzo la mawuwo motambasula kwambiri kotero kuti aliyense wotsutsa tsankho ankatha kugwidwa nalo. Linalinso ndi chinthu chogulitsa: njira ya panyanja yozungulira Cape, imene zombo zonyamula mafuta zinaidalira kwambiri pamene ngalande ya Suez inali yotseka kuyambira 1967 mpaka 1975. Doko la asilikali la Simon's Town, kum'mwera kwa mzinda uno, dziko la Britain linkaligwiritsa ntchito mwa pangano la mu 1955.

Pamene Ronald Reagan analowa m'boma mu 1981, nduna yake yaing'ono yoona za Africa, Chester Crocker, anayendetsa ndondomeko yotchedwa "constructive engagement". Mawuwa ndi ovuta kuwamasulira m'Chichewa, ndipo vutolo silili m'Chichewamo: ngakhale m'Chingerezi sanena kuti womangidwa ndi ubalewo ndani. Kwa boma la Pretoria anatanthauza kukambirana mwaulemu popanda zilango. Kwa munthu wakuda wa ku Langa kapena Gugulethu anatanthauza kudikirabe. Mu Okutobala 1986 nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa zilango za zachuma pa South Africa, koma inachita zimenezo mogonjetsa chikano cha Reagan mwini wake.

Ku Angola kulowerera kunali kwa mfuti. Soviet Union ndi Cuba anathandiza boma la MPLA, pamene America ndi South Africa anathandiza gulu la UNITA la Jonas Savimbi, yemwe analandiridwa ku White House mu 1986. Nkhondo ya ku Cuito Cuanavale ya mu 1987 ndi 1988 itatha, pangano losainidwa ku New York pa 22 Disembala 1988 linachotsa asilikali a Cuba ku Angola ndi kutsegula njira ya ufulu wa Namibia, umene unabwera pa 21 Malichi 1990. Apa maiko amphamvu anathandizadi kuzimitsa moto. Koma zida zimene anazisiya sizinachoke ndi iwo. Savimbi atakana zotsatira za chisankho cha mu 1992, nkhondo inabukanso, ndipo inatheratu mu 2002 iye ataphedwa.

Mbali ya Soviet Union nayo sinali yoyera. Ndi zoona kuti inaphunzitsa ndi kupereka zida kwa omenyera ufulu a ANC panthawi imene maiko a azungu ankawatcha zigawenga. Koma maboma amene inawagwira dzanja ku Luanda ndi ku Maputo anali a chipani chimodzi, ndipo sinawafunse za chisankho.

Owerenga a ku Malawi nkhaniyi amaidziwa ndi maso awo. Dr Hastings Kamuzu Banda anadana ndi chikomyunizimu poyera, natsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho mu 1967, nakacheza ku South Africa mu 1971. Kwa zaka pafupifupi 30 thandizo la maiko a azungu linkabwera ndithu, pamene anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Nkhondo ya Mawu itatha, kufunika kwake kunathanso. Mu Meyi 1992 maiko opereka thandizo, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo lonse kupatula lopulumutsa miyoyo. Pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi 63 pa 100 alionse anavotera ndale za zipani zambiri, ndipo mu Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho.

Pali ena amene amawerenga mbiri imeneyi ngati kuti demokalase inali mphatso yochokera ku Washington ndi ku Paris. Masiku a pakalendala sakuwavomereza. Kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma la Banda inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndipo Chakufwa Chihana anamangidwa mu Epulo, msonkhano wa ku Paris usanachitike. Kuno ku Cape Town, bungwe la United Democratic Front linakhazikitsidwa ku Mitchells Plain mu Ogasiti 1983, ndondomeko ya Crocker ili pachimake. Pa 13 Seputembala 1989 anthu zikwi makumi anaguba m'misewu ya mzinda uno motsogozedwa ndi Arkiepiskopi Desmond Tutu ndi M'busa Allan Boesak, khoma la Berlin likanali chiimire. Chimene maiko amphamvu anachita m'zaka zimenezo ndiko kuchotsa mchirikizo umene iwo eni anaikira maboma opondereza. Kuchotsa kumeneko kunafulumizitsa kusintha, monga momwe kuikapo kunachedwetsera kwa zaka zambiri. Ndipo kunali kwamphwayi: dzina la Mandela linachotsedwa pamndandanda wa America wa anthu oganiziridwa zauchigawenga mu 2008, patatha zaka 9 atatula pansi udindo wa pulezidenti.

Masiku ano kulowerera kumadzera kwambiri m'chikwama kusiyana ndi mumfuti, ndipo kumagwera maboma osankhidwa ndi anthu. Vuto lake ndi lina: boma limayamba kuyankha kwa mwini ndalama m'malo moyankha kwa ovota. Mu Meyi 2023 kazembe wa America ku South Africa, Reuben Brigety, ananena kuti chombo cha Russia chotchedwa Lady R, chimene chinakocheza ku Simon's Town mu Disembala 2022, chinanyamula zida zankhondo. Mphamvu ya ndalama ya randi inatsika nthawi yomweyo. Gulu lofufuza limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa analikhazikitsa linanena pambuyo pake kuti silinapeze umboni wa zimenezo.

Mu Febuluwale 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti thandizo la America ku South Africa liime. Mwa zifukwa zimene anapereka panali lamulo lokhudza kutenga malo ndiponso mlandu umene South Africa inasumira Israel kubwalo la milandu la dziko lonse ku The Hague. Munthu angagwirizane nazo kapena kutsutsana nazo nkhani ziwirizi, ndipo nzika za South Africa zomwe zimakangana pa izo, koma zonse zinachokera ku boma losankhidwa, ndipo lamulo la malolo linavomerezedwa ndi aphungu kuno ku Cape Town. Mwezi wotsatira America inathamangitsa kazembe wa South Africa, Ebrahim Rasool, yemwe kale anatsogolerapo chigawo cha Western Cape. Atatera pabwalo la ndege la mzinda uno, anapeza khamu la anthu likumudikira ndi nyimbo.